Masamba amene anapulumuka ku dzala: mbiri ya makatuni a m'manyuzipepala a ku America ndi anthu amene anawasunga

Nyuzipepala ndi chinthu cha tsiku limodzi. Munthu amaigula m'mawa, pofika madzulo yatha ntchito, mawa lake ena ayatsira moto. Akatswiri amene ankajambula makatuni m'manyuzipepala a ku America ankazidziwa bwino zimenezi. Ankakhala pa tebulo masiku angapo akukonza tsamba limodzi la Lamulungu, akudziwa kuti pofika Lolemba lidzakhala litatayidwa. Eni manyuzipepala nawonso sankaona makatuni ngati luso loyenera kusungidwa. Kwa iwo inali nyambo yokopera ogula basi. Kuti lero tikutha kuwerenga masamba amenewa, ena a zaka zoposa 120, n'chifukwa cha anthu ochepa amene anakana kuvomereza kuti chinthu chotsika mtengo ndiye kuti n'chopanda pake. Mbiri ya makatuniwa ndi ya magulu awiri: amene anawajambula ndi amene anawatola.

Mpikisano wa manyuzipepala awiri

M'zaka za m'ma 1890 mzinda wa New York unali utadzaza ndi anthu obwera kuchokera ku Ireland, Germany, Italy ndi kum'mawa kwa Ulaya. Ambiri mwa iwo Chingerezi ankachimva mwapatalipatali, koma chithunzi ankachimva onse. Joseph Pulitzer, mwini nyuzipepala ya New York World, anali ndi makina osindikiza mitundu ndipo ankatulutsa gawo lapadera la Lamulungu. Mu 1895 m'gawo limeneli munayamba kutuluka zojambula za Richard F. Outcault zotchedwa Hogan's Alley, zoonetsa ana a m'makwalala a anthu osauka. Pakati pa anawo panali kamnyamata kampala, kamakutu akuluakulu, kopanda nsapato, kovala mkanjo wachikasu umene pankalembedwa zonena zake. Anthu anakatcha Yellow Kid, ndipo kanagulitsa nyuzipepala kwambiri.

Chaka chomwecho William Randolph Hearst anagula New York Journal n'cholinga chogwetsa Pulitzer. Mu 1896 anakopa Outcault ndi malipiro okwera. Pulitzer sanagonje: analemba ntchito George Luks kuti apitirize kujambula mwana yemweyo, moti kwa kanthawi mumzindamo munali a Yellow Kid awiri m'manyuzipepala awiri odana.

Amene anakhazikitsa kaonekedwe kamene tikukadziwa lero anali Rudolph Dirks, mnyamata wobadwira ku Germany. Pa 12 Disembala 1897 anayamba The Katzenjammer Kids m'nyuzipepala ya Hearst, nkhani ya ana awiri opulupudza, Hans ndi Fritz, imene inatengera buku la Wilhelm Busch la mu 1865 la Max und Moritz. Dirks ankafotokoza nkhani m'timabokosi totsatizana, anthu ake ankabweranso sabata iliyonse, ndipo m'kupita kwa nthawi zolankhula zawo zinayamba kulembedwa m'timabaluni tochokera pakamwa. Atasemphana ndi Hearst, nkhani inakafika kukhoti. Hearst anatsala ndi dzina la katuniyo n'kuipereka kwa Harold Knerr, pamene Dirks anapitiriza kujambula ana omwewo ku World pa dzina limene pambuyo pake linakhala The Captain and the Kids. Funso limene mlanduwu unadzutsa, lakuti katuni ndi ya woijambula kapena ya woisindikiza, linavutitsa ojambula kwa zaka zambiri, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene ntchito zawo zinatayikira.

Atatu amene anakweza lusoli

Pa 15 Okutobala 1905 New York Herald inayamba kutulutsa Little Nemo in Slumberland ya Winsor McCay. Sabata iliyonse tsamba lathunthu linkaonetsa maloto a mwana wotchedwa Nemo, ndipo m'kabokosi komaliza ankadzidzimuka ali pabedi pake kapena atagwa pansi. McCay anaphunzira ntchito pojambula zikwangwani za malo a zisudzo ku Cincinnati, ndipo ankadziwa kujambula nyumba zazitali ndi misewu mozama ngati kuti munthu angalowemo. Luso lake lalikulu linali kugwiritsa ntchito tsamba lonse ngati chinthu chimodzi. Pa tsamba lina lotchuka la mu 1908, miyendo ya bedi la Nemo imayamba kutalika, bedilo n'kutuluka m'nyumba n'kumayenda pamwamba pa madenga a mzinda, ndipo timabokosi natonso timatalika motsatira miyendoyo. Mitundu yake inali yofewa ndiponso yosakanizidwa mosamala, chifukwa osindikiza a ku Herald anali akatswiri pa ntchito yawo. Munthu amene sanaone tsamba limeneli pa kukula kwake kwenikweni ndi mitundu yake, McCay sanamuone.

George Herriman anali wosiyana naye kotheratu. Krazy Kat inayamba kutuluka payokha mu 1913, ndipo masamba a Lamulungu anayamba mu 1916. Nkhani yake sinkasintha: mbewa yotchedwa Ignatz imagenda mphaka Krazy ndi njerwa pamutu, Krazy amaona njerwayo ngati chizindikiro cha chikondi, ndipo galu wapolisi Offissa Pupp, amene amakonda Krazy, amatsekera mbewayo m'ndende. Herriman anabwereza nkhani imeneyi kwa zaka zoposa 30 osatopetsa. Zinthu zinkachitikira m'chipululu cha Coconino ku Arizona, kumene mapiri ndi mitengo zinkasintha kuchoka pa kabokosi kena kufika pa kena, usana n'kusanduka usiku anthu ali pakati polankhula. Owerenga ambiri sankaimvetsa ndipo akonzi ena ankafuna kuichotsa, koma Hearst mwiniwakeyo ankaikonda ndipo anaiteteza mpaka pamene Herriman anamwalira mu 1944. Mu 1924 wolemba wina, Gilbert Seldes, anaiyamikira m'buku lake la The Seven Lively Arts, pa nthawi imene anthu ophunzira ankachita manyazi kuvomera kuti amawerenga makatuni.

Frank King anasankha njira yodekha. Gasoline Alley inayamba mu 1918 mu Chicago Tribune ngati nthabwala za amuna okonda kukonza magalimoto. Pa 14 Febuluwale 1921, mmodzi wa iwo, mbeta yotchedwa Walt Wallet, anapeza khanda litasiyidwa pakhomo pake n'kulitcha Skeezix. King anachita chinthu chachilendo: analola khandalo kukula pamodzi ndi owerenga. Skeezix anapita kusukulu, anakamenya nawo nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, anakwatira n'kubereka ana. Mabanja amene ankawerenga katuniyi ankakalamba limodzi ndi anthu ake. N'chifukwa chake munthu sangaimvetse powerenga tsamba limodzi lokha. Kukoma kwake kuli m'kutsatizana kwa zaka, ndipo kumafuna kuti wina akhale atasunga tsiku lililonse.

Mmene katuni inkafikira m'manja mwa owerenga

Katuni ya tsiku ndi tsiku inakhazikika ndi Bud Fisher, amene anayamba A. Mutt mu San Francisco Chronicle mu Novembala 1907, imene kenako inadziwika kuti Mutt and Jeff. Posakhalitsa panabuka makampani ogawa makatuni, monga King Features ya Hearst, amene ankagula ntchito ya wojambula mmodzi n'kuigulitsa ku manyuzipepala mazanamazana. Wojambula ankagwiritsa ntchito pepala lolimba, pensulo, cholembera cha nsonga yachitsulo kapena burashi, ndi inki yakuda, ndipo chojambulacho chinkakhala chachikulu kuposa mmene chidzatulukire. Kampani inkachijambula pa chitsulo, n'kudinda zikombole za pepala lokhuthala zimene zinkatumizidwa ku mizinda yosiyanasiyana. Kumeneko ankathiramo mtovu wosungunula n'kupeza chitsulo chosindikizira. Mitundu ya Lamulungu inkapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono ta inki yofiira, yachikasu ndi yabuluu.

Chikombole chikapangidwa, chojambula choyambirira chinkakhala kuti chatha ntchito. Zambiri zinkaunjikidwa m'zipinda za makampani, zina n'kupatsidwa kwa owerenga amene alemba kalata yopempha, zina n'kutayidwa malo akachepa. Popeza nthawi zambiri mwini katuni inali kampani, wojambula analibe mphamvu pa zimenezi. Milton Caniff anasiya Terry and the Pirates mu 1946 itatchuka kale, n'kuyamba Steve Canyon mu 1947, chifukwa ankafuna katuni imene idzakhale yakeyake.

Zaka za m'ma 1930 zinali za nkhani zopitirira. Pa 7 Januwale 1929 Tarzan ndi Buck Rogers zinayamba tsiku limodzi, ndipo patangopita masiku 10 Popeye anaonekera koyamba mu Thimble Theatre ya E. C. Segar. Kenako kunabwera Blondie mu 1930, Dick Tracy ya Chester Gould mu 1931, Flash Gordon ya Alex Raymond mu 1934, The Phantom ya Lee Falk mu 1936 ndi Prince Valiant ya Hal Foster mu 1937. Anthu ankazitsatira mwachidwi moti mu Julayi 1945, ogawa manyuzipepala ku New York atanyanyala ntchito, meya wa mzindawo Fiorello La Guardia anawerengera ana makatuni pa wailesi kuti asaphonye nkhani.

Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itayamba pepala linasowa, ndipo masamba anayamba kuchepa. Katuni imene inkadzaza tsamba lonse inapatsidwa theka, kenako gawo limodzi mwa magawo atatu. Nkhondo itatha malowo sanabwererenso, chifukwa otsatsa malonda anali atawalanda ndipo wailesi ya kanema inali itayamba kukopa anthu. Peanuts ya Charles Schulz, imene inayamba pa 2 Okutobala 1950 m'manyuzipepala 7, inali yopangidwira malo ochepa chonchi, ndipo Schulz anasandutsa kuchepako kukhala mphamvu. Koma masamba aakulu a McCay ndi King anali atayamba kuiwalika, ndipo malo okha amene anatsala anali m'malaibulale.

Pamene malaibulale anayamba kutaya

Kwa zaka zambiri malaibulale a ku America ankamanga manyuzipepala a mwezi uliwonse kukhala mabuku aakulu a zikuto zolimba. Mabukuwa anali olemera ndipo ankadya malo. Nkhondo itatha kunafala njira yojambula tsamba lililonse pa kafilimu kakang'ono kotchedwa microfilm, kamene kamawerengedwa pa makina okuza zilembo. Akuluakulu a malaibulale anakhulupirira kuti pepala la nyuzipepala silingakhalitse, choncho akajambula kapena akagula filimu, mabukuwo ankawagulitsa kapena kuwataya. Ngakhale Library of Congress, laibulale yaikulu ya dzikolo, inachita zomwezo.

Kwa munthu wofuna kudziwa zimene nduna inanena m'chaka chakutichakuti, filimuyo inali yokwanira. Kwa makatuni linali tsoka. Filimu inali yopanda mitundu, moti tsamba la Little Nemo linkasanduka mdima wotuwa, mizere yopyapyala n'kuzimiririka. Nthawi zina wojambula pa filimu ankadumpha masamba, ndipo buku loyambirira likatayidwa panalibenso pokonzera.

Apa m'pamene panatulukira Bill Blackbeard, wobadwa mu 1926, amene ankakhala ku San Francisco. M'zaka za m'ma 1960 anafuna kulemba mbiri ya makatuni, ndipo pofufuza anapeza kuti zimene ankafuna kuwerengazo zikupita ku dzala. Atapempha kuti amupatse, anauzidwa kuti katundu wa laibulale saperekedwa kwa munthu wamba koma ku bungwe. Choncho mu 1968 anakhazikitsa bungwe lotchedwa San Francisco Academy of Comic Art, limene likulu lake linali m'nyumba imene ankachita lendi. Iye ndi anzake ankayenda ndi malole kukatenga mabukuwo m'mizinda yosiyanasiyana, ndipo nyumbayo inadzaza mpaka kudenga. Zaka ndi zaka ankadula makatuni, kulemba tsiku pa iliyonse, n'kuisanja mwa dzina ndi mwa chaka. Pang'onopang'ono ndi mtolo: katuni imodzi ya tsiku ndi tsiku imatuluka maulendo oposa 300 pa chaka, ndipo iye ankafuna kuti pasasowe ngakhale tsiku limodzi.

Ena anamudzudzula chifukwa chodula mabuku amene anali athunthu, ndipo kudzudzulako kuli ndi mfundo, pakuti tsamba lodulidwa limasiyana ndi nkhani zimene linatuluka nazo. Koma mabukuwo anali ataweruzidwa kale kuti atayidwe, ndipo munthu mmodzi wopanda chuma sakanatha kuwasunga onse. Mu 1977 Blackbeard ndi Martin Williams anatulutsa The Smithsonian Collection of Newspaper Comics, buku limene linatsegula maso a ojambula achinyamata ambiri amene anali asanaonepo ntchito za Herriman kapena Segar. Mu 1998 katundu wake yense, wolemera matani 75 ndipo wokhala ndi makatuni ndi masamba pafupifupi 2.5 miliyoni, ananyamulidwa pa malole aakulu 6 kupita ku Ohio State University. Laibulale ya makatuni ya kumeneko inayamba mu 1977 ndi mphatso ya mapepala a Milton Caniff, ndipo lero imatchedwa Billy Ireland Cartoon Library and Museum. Blackbeard anamwalira mu 2011.

Nkhani yofanana inachitikanso mu 1999, pamene British Library ya ku London inaganiza zogulitsa manyuzipepala akale a mayiko ena. Wolemba mabuku wa ku America, Nicholson Baker, anagwiritsa ntchito ndalama zimene ankasungira ukalamba wake kugula ambiri mwa iwo, kuphatikizapo New York World ya Pulitzer, n'kuwasunga m'nyumba yakale ya fakitale ku New Hampshire. M'buku lake la Double Fold la mu 2001 anatsutsa zoti pepala la nyuzipepala limangofumbutuka lokha, ponena kuti buku lomangidwa bwino ndi losungidwa pamalo abwino limakhala zaka zambiri. Akatswiri ena a malaibulale sanagwirizane naye pa zonse, koma manyuzipepalawo anapulumuka ndipo mu 2004 anapita ku Duke University.

Zimene osonkhanitsa amayang'ana

Munthu wosonkhanitsa makatuni akale amasiyanitsa zinthu zitatu: tsamba lochokera m'nyuzipepala, tsamba loyesera limene kampani inkasindikiza pa pepala labwino, ndi chojambula cha dzanja la mwini wake. Chomalizachi ndicho chodula kwambiri, ndipo chimaonetsa zimene nyuzipepala inabisa: mizere ya pensulo, malo amene anafufuta ndi penti yoyera, timawu tolangiza osindikiza m'mbali. Pa masamba a Lamulungu, wodziwa amafuna tsamba lathunthu, chifukwa nyuzipepala zimene zinkapereka malo ochepa zinkachotsa timabokosi tina. Amayang'ananso ngati mitundu inagwera m'malo mwake, pakuti katuni imodzi inkatuluka bwino mumzinda wina n'kutuluka yothimbirira mumzinda wina.

Adani a pepalali ndi odziwika. Limapangidwa kuchokera ku mitengo yoperedwa ndipo lili ndi asidi amene amalichititsa chikasu n'kuliumitsa, makamaka likakhala padzuwa, potentha kapena pachinyezi. Choncho osunga amaligoneka chafulati osapinda, m'mafoda opanda asidi, m'chipinda chozizira ndi chamdima. Selotepi ndi guluu zimasiya mabala osachoka, ndipo mabuku ambiri amene ana akale ankamatamo makatuni anawonongeka motero, ngakhale kuti nthawi zina mabuku omwewo ndi amene asunga masiku amene kwina kulikonse anasowa.

Phindu la khama limeneli linaoneka m'zaka za m'ma 2000. Kampani yosindikiza mabuku ya Fantagraphics inatulutsa Krazy Kat motsatira zaka ndiponso Peanuts yonse kuyambira mu 2004. Kampani ina, Drawn and Quarterly, inayamba kutulutsa Gasoline Alley pa dzina la Walt and Skeezix mu 2005. Chaka chomwecho Peter Maresca, yemwenso ndi wosonkhanitsa, anasindikiza masamba a Little Nemo pa kukula kwake kwa poyamba. Mabuku ngati amenewa amadalira pepala lenileni, pakuti mitundu imene filimu inataya palibe makina angaibwezeretse mokhulupirika.

Zimene masambawa amaulula

Kukonda makatuniwa sikutanthauza kutseka maso. Ambiri ankajambula anthu akuda monyoza, ndi milomo yokokomeza ndi chilankhulo chachibwana. Mu Little Nemo momwemo muli Impie, mwana wa kunkhalango wojambulidwa motero, ndipo nkhani ngati Tarzan zinkaonetsa Africa ngati dziko lodikira mzungu kuti alilamulire. Wowerenga wa kuno kwathu zimenezi zimamupweteka, ndipo n'zoyenera kutero. Komabe masamba amenewa ayenera kusungidwa osadulidwa, chifukwa ndi umboni wa zimene ana mamiliyoni ankaphunzitsidwa Lamulungu lililonse.

Mbiri ya Herriman imaonetsa kulemera kwa nthawiyo. Anabadwira ku New Orleans mu 1880 m'banja la makolo a magazi osakanikirana, ndipo banjalo litasamukira ku Los Angeles anakhala moyo wake wonse akudziwika ngati mzungu, kawirikawiri atavala chipewa. Mu 1971, patapita zaka 27 chimwalirireni, m'pamene chikalata cha kubadwa kwake chinaulula kuti analembedwa m'gulu la anthu osakhala azungu. Kuyambira pamenepo anthu amawerenga mwatsopano masamba amene Krazy, mphaka wakuda, amasanduka woyera ndipo Ignatz n'kuyamba kumuona mwina. Kuwerenga kotereku kunatheka chifukwa masambawo analipo.

Panalinso ojambula akuda amene ankagwira ntchito m'manyuzipepala a anthu akuda. Ollie Harrington anayamba nthabwala za Bootsie mu 1935 mu Amsterdam News ya ku Harlem. Jackie Ormes, amene amadziwika ngati mkazi wakuda woyamba kujambula makatuni m'manyuzipepala a ku America, anayamba Torchy Brown mu Pittsburgh Courier mu 1937, nkhani ya mtsikana wochoka kum'mwera kupita ku Harlem kukafuna moyo wabwino. Akazi a m'makatuni ake anali anzeru, ovala bwino ndi olankhula mosaopa za tsankho. Koma manyuzipepala a anthu akuda sankasungidwa m'malaibulale ambiri ngati mmene ankasungidwira a Hearst ndi Pulitzer, ndipo mayina a ojambulawa anachedwa kulowa m'mabuku a mbiri ya lusoli. Buku lofotokoza moyo wa Ormes, lolembedwa ndi Nancy Goldstein, linatuluka mu 2008, iye atamwalira kalekale.

Apa m'pamene pagona phunziro la mbiri yonseyi. Wojambula amene ntchito yake inasungidwa ndi amene amakumbukiridwa, kuphunziridwa ndi kutchedwa katswiri, pamene mnzake wa luso lomwelo amene masamba ake anatayidwa amakhala ngati sanajambulepo. Lero manyuzipepala akale akujambulidwa n'kuikidwa pa intaneti, ndipo ndi ntchito yabwino imene yafikitsa makatuniwa kwa anthu akutali. Koma mawu amene ankanenedwa za microfilm, akuti chithunzi chilipo ndiye pepala lingatayidwe, akhoza kunenedwanso za kompyuta. Manyuzipepala ndi magazini a kwathu nawonso akhala akutulutsa makatuni kwa zaka zambiri, ena m'Chichewa, ndipo kuno pepala limalimbana ndi chiswe ndi chinyezi cha dzinja. Amene ali ndi mulu wa manyuzipepala akale m'nyumba, m'sukulu kapena mu ofesi ayambe wautsegula asanaganize zoutaya, alembe tsiku ndi dzina la wojambula pa zimene wapezamo, ndipo azisunge pouma. Blackbeard analibe udindo kapena chuma pamene ankayamba, koma anazindikira msanga kuti masambawo akangotayidwa palibe amene angawajambulenso.